Wabwera ndi Setifiketi, Nanga Sowo Aitenga Kuti?

Mu Okutobala caka ca 2021, Nduna ya Zacuma, a Situmbeko Musokotwane, anauza Nyumba ya Malamulo kuti thumba la citukuko ca madera, limene tonse timalicha CDF, lidzakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni m'dera la phungu aliyense. Thumbali linayamba kale m'caka ca 1995, koma ambiri a ife tinali kungolimvera pa wailesi. Kuyambira mu 2022 linafika pa makomo athu, pakuti gawo lina la ndalamazo linapatulidwa kuti lizilipirira acinyamata maphunziro a nchito zamanja.

Njira yake ndi iyi. Mnyamata kapena mtsikana ayamba wapeza malo pa sukulu yovomerezedwa ndi TEVETA, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1998 kuti liziyang'anira masukulu a umisiri. Atenga kalata yomulandira ndi citupa cake ca NRC, nalemba fomu imene imapita ku komiti ya citukuko ya m'wadi mwake. Kucokera kumeneko dzina lipita ku komiti ya CDF ya dera lonse, mmene mumakhala makansala, oimira mafumu ndiponso woimira mipingo. Akamusankha, khonsolo ndiyo imalipira kusukulu. Motero ana a alimi alowa pa Chipata Trades, pa Ukwimi Trades, kapena pa Chikowa m'boma la Mambwe, pamene a Comboni aphunzitsa acinyamata ulimi, ukalipentala ndi kumanga nyumba.

Zonsezi n'zoyamika. Koma ndalama ya boma ilibe maso. Siidziwa kuti kuseri kwa dambo kuli mtsikana wamasiye amene analekera sukulu mu Giredi 9 ndipo asamalira agogo ake. Mtsikana wotere sawerenga zidziwitso zomata pa khoma la khonsolo. Akadzamva za mafomu, nthawi yatha, ndipo malo atenga ana a anthu ocenjera, amene mwina akanatha kudzilipirira okha. Omudziwa mtsikanayu ndife: a mphakati amene tinaika maliro a amai ake, a kalabu ya azimai, a nyakwawa, aphunzitsi amene anamuona akusiya sukulu. Kumuuza cabe sikukwanira. Pafunika wina womuperekeza kukatenga NRC, womuthandiza kulemba fomu, ndi wokafunsa kwa a kansala kuti fomuyo yafika pati. Nchito imeneyi ilibe malipiro, ndipo palibe ofesi imene ingaigwire m'malo mwathu.

Vuto lalikulu koposa libwera maphunziro akatha. Mnyamata abwerera kumudzi ndi setifiketi ya ukalipentala. Makolo aliza nthungululu, apha nkhuku. Pakapita miyezi itatu timupeza ali khale pa sitolo, cifukwa sowo, nyundo ndi matabwa anazisiya kusukulu, sizinali zake. Mtsikana amene anaphunzira utelala alibe makina osokera. Wowocherera zitsulo alibe makina, alibenso cipinda ca magetsi. Dzanja likakhala caka osagwira cida limaiwala, ndipo mtima nawo umagwa mphwai.

Kodi boma silinaganizire zimenezi? Linaganizira. M'thumba lomweli muli gawo lina lothandiza acinyamata ndi azimai kuyamba malonda, ndalama zina zaulere, zina zangongole. Koma zaulerezo zimapatsidwa kwa magulu olembetsedwa, monga makalabu ndi makopaletivu, amene ali ndi mapepala ndi akaunti ku banki. Mwana wa zaka 20 amene wangotuluka kusukulu alibe zonsezi. Amene ali nazo ndi magulu akale a m'midzi ndi m'makomboni mwathu. Tinene mosabisa: makopaletivu ambiri amadzuka nthawi ya feteleza yokha, feteleza akagawidwa agonanso mpaka caka camawa. Kopaletivu yotere ikanatsegula khomo kwa acinyamata atatu kapena anai odziwa nchito, niwapempherera zida m'dzina lake, ikanakhala ndi moyo miyezi yonse 12.

Taonani nkhani ya madesiki. Pamene maphunziro aulere anayamba mu Januwale 2022, makalasi anadzaza ndipo ana ambiri anakhala pansi. Boma linalamula kuti madesiki agulidwe ndi ndalama za CDF, ndi kuti apangidwe ndi amisiri a m'madera momwemo. Uwu unali mwai weniweni. Komabe khonsolo singapereke nchito ya madesiki mazanamazana kwa mnyamata mmodzi wa nyundo imodzi pansi pa mtengo wa mango. Imafuna bizinesi yolembetsedwa, yotha kumaliza pa tsiku lopangana. Apa mpamene kalipentala wacikulire, amene ali ndi shopu ndi dzina koma msana wayamba kukana, afunana ndi mnyamata wa mphamvu ndi setifiketi. Wamkulu aphunzitsa wamng'ono zimene kusukulu kulibe: kusankha thabwa louma, kuika mtengo wosaluza, kulankhula ndi kasitomala wocedwa kulipira.

Pali ngozi imene tiyenera kuichula. Ndalama zikamveka, magulu amamera usiku umodzi ngati bowa. Akuluakulu ena alemba maina a acinyamata pa pepala, ndalama zikatuluka agawana, ana aja osaona ngakhale msomali. Gulu loona lidziwika ndi buku lake la ndalama, limene membala aliyense ali ndi ufulu woliona, ndiponso ndi msungicuma amene si mkazi kapena mphwake wa wapampando. Mnyamata asapereke NRC yake kwa gulu limene likana kumuonetsa bukulo.

Sikuti zonse zidikire boma ai. Azimai a cilimba ndi a magulu osunga ndalama a SILC atha kugula makina amodzi osokera, nabwereketsa mtsikana kuti azibweza pang'onopang'ono. Ndipo ife a m'parishi tili ndi nchito zathu caka ndi caka: mabenchi othyoka, mazenera a chalichi ca kunthambi, mayunifomu a kwaya, cimbudzi ca pa sukulu. Kawirikawiri timaitana mmisiri wa kutauni, amene timamulipira ndi thiransipoti yomwe. Bungwe la parishi likadzakhala pansi kukambirana za mabenchi, mlembi abwere ndi maina a acinyamata a m'miphakati amene anatsiriza maphunziro a umisiri, ndi nchito imene aliyense anaphunzira.