Zofunika Kudziwa Posankha Lamya Yaing'ono Yokwana M'thumba

Lamya za m'manja zimene zikugulitsidwa m'masitolo a ku Lusaka, Chipata, Kitwe ndi m'matauni ena zakhala zikukulirakulira caka ndi caka, moti zambiri sizikwananso bwino m'thumba la malaya kapena la buluku. Cifukwa ca ici, anthu amene amakhala pa ulendo tsiku lonse, monga alimi, amalonda a pamsika, oyendetsa njinga ndi akondakitala a mabasi, amafunafuna lamya yaing'ono yosavuta kunyamula. Koma lamya ikacepa, zinthu zina za m'kati mwake zimacepanso, ndipo wogula ayenera kudziwa zimene adzapindula ndi zimene adzasowa asanatulutse ndalama zake.

Coyamba ndi kumvetsa muyeso. Pa bokosi la lamya pamalembedwa nambala ya mainchi, monga 1.8 kapena 6.5. Nambala imeneyi imanena za kukula kwa galasi, kuyeza mopingasa kucokera pa ngodya ya pansi kufika pa ngodya ya pamwamba ya mbali inayo. Inchi imodzi ndi masentimita 2.54. Lamya zambiri zamakono zokhudza ndi cala zili ndi galasi loposa mainchi 6, kutalika kwake kumafika masentimita 16 kapena 17, ndipo zimalemera pafupifupi magalamu 200. Lamya ya mabatani monga Nokia 105 ndi yotalika masentimita 11 kapena 12 cabe, ndipo kulemera kwake sikufika magalamu 100. Munthu wofuna lamya ya m'thumba ayang'ane utali, mulifupi ndi kulemera, osati galasi lokha.

Lamya zazing'ono zili m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la mabatani, limene anthu a m'dziko muno analizolowera kuyambira masiku a Celtel ndi Telecel. Nokia 1100, imene inatuluka mu 2003, inachuka kwambiri cifukwa ca tochi yake ndi kulimba kwake. Masiku ano m'gulu limeneli muli Nokia, itel ndi Tecno, ndipo ndizo zochipa kuposa zonse. Gulu laciwiri ndi la lamya zokhudza ndi cala koma zazing'ono, ndipo zimenezi zikusowa pa msika. Kampani ya Apple inatulutsa iPhone 12 mini mu 2020 ndi iPhone 13 mini mu 2021, zonse za galasi la mainchi 5.4, koma inaleka kugulitsa yoyambayo mu 2022 ndi yaciwiriyo mu 2023. Kampani ya Samsung inayamba mu 2020 kupanga Galaxy Z Flip, imene imapindika pakati n'kukwana m'thumba, koma mtengo wake ndi wokwera kwambiri, ndipo galasi lake likawonongeka kukonzetsa kumafuna ndalama zambiri.

Nkhani yaikulu kuposa zonse ndi ya batire. Mphamvu ya batire imalembedwa ndi zilembo za mAh. Lamya zazikulu zambiri zili ndi 5,000 mAh, pamene iPhone 13 mini ili ndi pafupifupi 2,400 mAh. Popeza lamya yokhudza ndi cala imadya moto kwambiri pa galasi ndi pa intaneti, ikakhala ndi batire laling'ono imafuna kuchaja tsiku lililonse, mwinanso kawiri. Lamya ya mabatani ili ndi batire la 800 kapena 1,000 mAh cabe, koma imatha masiku angapo cifukwa nchito yake ndi yocepa. Kusiyana kumeneku kunaoneka poyera mu 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi pa damu la Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku. Kwa anthu a kumidzi amene amachaja pa sola kapena kulipira pa golosale, batire lokhalitsa ndi ndalama zopulumutsidwa. Ndi bwinonso kufunsa ngati batire limacotsedwa, pakuti la mtundu umenewu likatha mphamvu munthu amagula lina popanda kutaya lamya.

Cina cofunika ndi kudzifunsa nchito imene lamyayo idzagwira. Kuimba, kulandira mauthenga ndi kutumiza ndalama kudzera pa Airtel Money, MTN MoMo kapena Zamtel kumatheka pa lamya ya mabatani popanda intaneti, cifukwa munthu amangodina nambala yoyamba ndi nyenyezi ndi kutsata malangizo. Lamya zambiri za mabatani zilinso ndi tochi ndi wailesi ya FM, ndipo zina zimagwira wailesi ngakhale popanda zomvera za m'makutu. Wogula ayese zimenezi ali m'sitolo momwemo. Koma munthu amene malonda ake amadalira WhatsApp kapena Facebook, kapena amene amatumiza zithunzi za katundu kwa makasitomala, afunika lamya yokhudza ndi cala. Iye angacite bwino kusankha ya mainchi pafupifupi 6, imene ingakwane m'thumba la kutsogolo koma batire lake n'kukhala lokwanira. Acikulire ndi onse amene maso awo amavutika aone ngati zilembo zikuwerengeka bwino ndiponso ngati mabatani si ang'ono kwambiri kwa zala zawo.

Za netiweki nazo n'zofunika. M'madera ena mumagwira bwino kampani imodzi, pamene m'madera ena mumagwira ina, motero lamya yolowa makadi awiri a SIM imathandiza munthu woyendayenda. Lamya zambiri za mabatani zimagwira 2G yokha, imene imakwanira pa kuimba ndi mauthenga koma ndi yocedwa pa intaneti. Zina zili ndi 4G, ndipo zimenezi zimalembedwa pa bokosi. Kampani ya MTN inayambitsa 5G m'dziko muno mu 2022, koma munthu wongofuna kuimba ndi kutumiza ndalama alibe cifukwa colipirira lamya ya 5G. Lamulo limafuna kuti SIM iliyonse ilembetsedwe m'dzina la mwini wake pogwiritsa nchito citupa ca NRC, ndipo bungwe la ZICTA ndilo limayang'anira zimenezi.

Pa msika pali lamya zacinyengo zokhala ndi maina ofanana ndi a makampani ochuka. Njira yosavuta yodzitetezera ndi kudina *#06# pa lamyayo. Pamatuluka nambala ya IMEI ya manambala 15, ndipo iyenera kufanana ndi imene ili pa bokosi. Lamya ya makadi awiri imakhala ndi ma IMEI awiri. Nambala imeneyi ilembedwe ndi kusungidwa kunyumba, pakuti apolisi amaifuna lamya ikabedwa. Wogula atenge lisiti ndi kufunsa za nthawi ya citsimikizo. Ngati sitolo yakana kuthandiza pa katundu wowonongeka, madandaulo angapite ku bungwe la CCPC limene limateteza ogula. Kugula lamya pa msewu kwa munthu wosadziwika n'koopsa, cifukwa kupezeka ndi katundu wakuba ndi mlandu.

Lamya ikagulidwa, kasungidwe kake m'thumba kafunikanso cisamaliro. Thumba la kumbuyo si labwino, pakuti munthu akakhala pansi galasi limasweka, ndipo m'malo odzaza anthu monga misika ndi masiteshoni a mabasi akuba amasolola mosavuta. Makiyi ndi makobili zimakanda galasi, conco zisakhale m'thumba limodzi ndi lamya. Mabatani akiyidwe kuti lamya isaimbe yokha ndi kutha ndalama. Thukuta, mvula ndi fumbi zimalowa pa kabowo kochajira, ndipo batire likayamba kutupa kapena kutentha kwambiri lisanyamulidwenso pa thupi, koma lisinthidwe msanga.

Mabanja ena amasunga lamya ziwiri: yaikulu imakhala kunyumba cifukwa ca intaneti ndi maphunziro a ana, ndipo ya mabatani imapita kumunda, kumsika ndi pa maulendo. Amene angathe kugula imodzi yokha ayambe walemba nchito zitatu zimene amacita kwambiri pa lamya, aganizire kumene adzachajira, ndiyeno aiyese m'thumba lake lomwe asanalipire.