Kodi mumadziwa? Kuli tchizi chimene banki imalandira ngati chikole

Kumpoto kwa dziko la Italy, banki ya Credito Emiliano imabwereketsa ndalama kwa opanga tchizi cha Parmigiano Reggiano, n'kusunga tchizicho m'nkhokwe zake ngati chikole. Sizodabwitsa. Chigubudu chimodzi cha tchizichi chimalemera makilogalamu pafupifupi 40, chimadya mkaka wokwana malita pafupifupi 550, ndipo sachigulitsa chisanathe miyezi 12 chikukhwima. Akatswiri amachigogoda ndi kahamala, khutu lili tcheru, kuti amve ngati m'kati mwachita ming'alu.

Ku France, tchizi cha Roquefort amachipanga ndi mkaka wa nkhosa, ndipo timizere take tobiriwira ndi nkhungu yodyedwa. Chimakhwimira m'mapanga ozizira.

Koma chimene ndikanakonda kuti khomo lililonse lichidziwe ndi paneer ya ku India, chifukwa siifuna fakitale. Wiritsani lita imodzi ya mkaka wosachotsa mafuta. Ukayamba kufufuma, phulani poto, thirani masupuni awiri kapena atatu a madzi a mandimu, n'kutakasa pang'onopang'ono. Pomwepo mkaka udzadukadukana ngati chambiko, zibulumwa zoyera zikuyandama m'madzi achikasu. Sefani pa kansalu koyera, finyani, kenako tsinjikizani ndi chinthu cholemera kwa ola limodzi.

Tchizi chimenechi sichisungunuka pamoto. Chiduleni timabenthu, muchikazinge mpaka chifiire, n'kuchiponya mu sipinachi wothira anyezi ndi tomato. Madzi achikasu otsala posefa aja musataye. Kandirani ufa wa buledi kapena wa mandasi.