MPHUNZITSI WODZIPEREKA KU DZIKO LA ENI

Madzulo ano tikambe za aphunzitsi amene asiya kwao mwa kufuna kwao ndi kukaphunzitsa ku dziko la eni, osayang'ana malipiro. Ambiri a inu mudziwa kuwawa kwa ulendo, pakuti nanunso munasiya midzi yanu. Koma inu munadzera ndalama. Nanga iwowa apindulanji?

Mwambo umenewu si wa Azungu okha. M'caka ca 1876 amuna anai a pa sukulu ya Lovedale ku South Africa anadzipereka kupita ku Nyanja ya Nyasa. Mmodzi wa iwo, Shadrach Mngunana, anaphunzitsa ana pa Cape Maclear, koma anamwalira m'caka cotsatira. Mnzace William Koyi, popeza cinenero cace ca Cixhosa cinafanana ndi Cingoni, anakakhala pakati pa Angoni a M'mbelwa, nafera komweko mu 1886. Pambuyo pace David Kaunda anacoka ku Livingstonia nadzaphunzitsa Awemba ku Chinsali. Mwana wace Kenneth, wobadwira ku Lubwa mu 1924, ndiye anakhala mtsogoleri woyamba wa Zambia.

Mu 1958 Alec Dickson ndi mkazi wace Mora anayambitsa bungwe la VSO ku Britain. Mu 1961 John Kennedy anakhazika Peace Corps ku America, ndipo gulu loyamba linanka ku Ghana kukaphunzitsa. Ena anafika ku Nyasaland mu 1963, ndi kuno ku Zambia mu 1994. Lamulo la Peace Corps ndilo kugwira nchito zaka ziwiri, kulandira ndalama zongokwanira cakudya ndi zofunika zina, ndi kukhala monga akhalira eni dziko.

Tsono phindu lace ndi ili. Coyamba, mphunzitsi asanduka wophunzira. Munthu wa mabuku ambiri alephera ngakhale kupempha madzi, ndipo ana ang'ono amseka namuongola. Pamenepo kudzitama kumatha. Caciwiri, aphunzira kupirira. M'kalasi muli ana ambiri, mabuku ali owerengeka, ndipo ayenera kudziganizira yekha njira yofotokozera kufikira mwana wa kumbuyo amve. Cacitatu, ayamba kuona kwao ndi maso atsopano. Awemba amati mwana wosayenda atama amace kuti ndiwo adziwa kuphika nsima. Paul Theroux wa ku America, amene anaphunzitsa ku Malawi kuyambira 1963 kufikira 1965, anaphunzira Cinyanja, ndipo anakhala mlembi wochuka wa mabuku a maulendo.

Koma tisabise cobvuta. Mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Ngati mphunzitsi akula nzeru koma ana atsala monga anawapezera, ndiye kuti wapindula yekha. A VSO poyamba anatumiza anyamata ongotsiriza kumene sukulu, koma pambuyo pace anayamba kusankha anthu odziwa kale nchito yao. Mlendo wabwino agwirizana ndi aphunzitsi a pamalopo, kuti pocoka iye nzeru zace zitsale.

Inu makolo, akafika mphunzitsi wotere pa sukulu ya ana anu, musamuonere patali. Muitaneni kunyumba, mumphunzitse kulonjera, mumfunse za maphunziro a mwana wanu. Ndipo mwana wanu akadzati, "Atate, ndifuna kukaphunzitsa kutali," musafulumire kumletsa.