NKHOKWE ZA M'KOMPYUTA: KODI KAMPANI IGULE ITI?

Kale chuma cha sitolo chinkadziwika ndi mabuku ake. Kalaliki ankalemba maina a ogula m'buku limodzi, katundu m'buku lina, ngongole m'linanso. Ndipo buku likadyedwa ndi chiswe, mwini sitolo ankataya ndalama zimene sakanatha ngakhale kuziwerenga. Lero mabuku aja analowa m'kompyuta, ndipo pulogalamu imene imawasunga imatchedwa database, ndiko kunena kuti nkhokwe ya zolembedwa. Mabanki, makampani, masukulu ndi maofesi a Boma onse amadalira nkhokwe zotere. Tsono funso limene limasautsa akuluakulu pa nthawi yogula nlakuti, mwa zonse zimene ziri pa msika, yoyenera ndi iti?

Gwero lake ndi limodzi

Nkhokwe zimene zikupikisana lerozi zinachokera m'ganizo la munthu mmodzi. M'chaka cha 1970 Edgar F. Codd, Mngelezi wodziwa masamu amene ankagwira nchito ku kampani ya IBM ku San Jose, m'dziko la America, anasindikiza maganizo akuti zolembedwa zisungidwe m'ndandanda za mizere, chinthu chirichonse chilembedwe kamodzi kokha, ndipo ndandandazo zizilumikizana ndi nambala. Mphunzitsi wamkulu angamve msanga zimenezi: kaundula wa ana ali payekha, buku la fizi liri palokha, koma nambala ya mwana ndiyo imamanga mabuku awiriwo pamodzi. Dzina likakonzedwa pa malo amodzi, lakonzeka ponseponse.

Mu 1974 anthu ena awiri a ku IBM komweko, Donald Chamberlin ndi Raymond Boyce, anakonza chiyankhulo chofunsira nkhokwezi, chimene lero chimatchedwa SQL, ndipo mu 1986 chinavomerezedwa kukhala muyezo wa onse. Chifukwa cha ichi, kalaliki amene waphunzira kufunsa nkhokwe imodzi sasowa pogwira akapatsidwa inzake. Zonsenso zimasunga lamulo limodzi lofunika pa ndalama, lakuti nchito ichitike yathunthu kapena isachitike nkomwe. Ndalama zikachotsedwa m'buku la wotumiza, magetsi nkuzima zisanalembedwe m'buku la wolandira, nkhokwe imabweza zonse monga zinaliri poyamba. Pa zimenezi kusiyana nkochepa. Kusiyana kwenikweni kuli pa mtengo, pa umwini, ndi pa kuvuta kwa kusamuka.

Zogula ndi ndalama

Kampani ya Oracle, imene Larry Ellison ndi anzake awiri anakhazikitsa mu 1977, inayamba kugulitsa nkhokwe yake mu 1979, kutsogolera IBM imene inali mwini ganizo. Mphamvu ya Oracle iri pa kusenza katundu wolemera: makina angapo angathe kunyamula nkhokwe imodzi, kotero kuti amodzi akafa enawo amapitiriza nchito, ndipo banki sitseka zitseko. Koma mtengo wake umawerengedwa monga mwa mphamvu ya makina a wogula, ndipo pamwamba pake wogulayo amalipira chaka ndi chaka 22 pa 100 aliwonse a mtengo wa laisensi, kuti azilandira chithandizo ndi zokonza zatsopano. Ndiye kuti zisanathe zaka zisanu walipiranso mtengo wonse kachiwiri.

IBM inatulutsa yake, yotchedwa DB2, mu 1983, ndipo kwawo kwenikweni ndi m'makina akuluakulu a mabanki ndi makampani a inshuwalansi. Microsoft nayo inabwera ndi SQL Server mu 1989. Iyi imakondedwa m'maofesi amene anazolowera Windows ndi Excel, pakuti zonsezi nza nyumba imodzi ndipo zimamvana mosavuta. Kuyambira mu 2017 imayendanso pa Linux. Ulipo mtundu wake waung'ono waulere wotchedwa Express, koma wa 2022 unali ndi malire a 10 GB pa nkhokwe imodzi. Sitolo yaing'ono angaikwanire ameneyu. Ikakula, iyenera kutulutsa chikwama.

Zopanda mtengo wa laisensi

PostgreSQL inabadwira ku yunivesite ya California ku Berkeley, pa nchito imene Michael Stonebraker anayamba mu 1986, ndipo inalandira dzina lake la lero mu 1996. Palibe kampani imodzi imene iri mwini wake, kotero palibenso amene angaikweze mtengo kapena kuigulitsa kwa wina. Imadziwika ndi kusamala malamulo a zolembedwa. Ogwira nchito za chipatala m'Malawi amakumana nayo osadziwa, pakuti DHIS2, pulogalamu yochokera ku yunivesite ya Oslo imene Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsira ziwerengero za zipatala, imasunga zonse mu PostgreSQL.

MySQL inatuluka ku Sweden mu 1995, ndipo inafala chifukwa njopepuka kuiika ndiponso njachangu pa masamba a intaneti. Mbiri yake iri ndi phunziro. Mu 2008 kampani ya Sun inaigula ndi madola pafupifupi 1 biliyoni, ndipo mu 2010 Oracle inagula Sun yomweyo, MySQL nkugwera m'manja mwa amene inkapikisana naye. Mmodzi wa oiyambitsa, Michael Widenius, anali atapatuka kale mu 2009 nkuyambitsa MariaDB, imene iri ngati mphukira ya mtengo womwewo. Anatha kutero chifukwa malemba a pulogalamuyo ndi osabisa, ndipo aliyense ali ndi ufulu wowatenga.

Palinso SQLite, ya D. Richard Hipp, ya chaka cha 2000, imene iri m'mafoni a anthu ambiri. Njabwino pa makina a munthu mmodzi, koma imalola wolemba mmodzi yekha pa nthawi, motero siyenera ofesi ya akalaliki makumi awiri.

Komatu walira mvula walira matope. Wotenga nkhokwe yaulere alibe kampani yoiimba mlandu zinthu zikathina, pokhapokha atachita pangano ndi ena ogulitsa chithandizo. Ndalama zimene wapulumutsa pa laisensi ayenera kuziika pa munthu wodziwa, ndi kumsunga bwino kuti asachoke.

Kulowa nkosavuta, kutuluka ndiko kuvuta

Ngakhale SQL ndi chiyankhulo cha onse, kampani iriyonse inawonjezapo mawu akeake: Oracle iri ndi PL/SQL, Microsoft iri ndi T-SQL. Malamulo a malipiro ndi a ngongole akalembedwa m'mawu amenewa kwa zaka khumi, kusamuka kumafuna kuwalemba onse mwatsopano. Ngakhale Amazon, ndi akatswiri ake onse, inatha zaka zingapo pa nchito yotere. Mu October 2019 inalengeza kuti yasamutsa zolembedwa za malonda ake kuchoka m'nkhokwe za Oracle pafupifupi 7,500. Ngati chimphona chotere chinatuluka thukuta, kampani yaing'ono iyenera kulingalira za khomo lotulukira isanalowe.

Kwa wogula wa m'Malawi palinso nkhani ya ndalama zakunja. Malaisensi a makampani akunjawa amawerengedwa m'madola, ndipo pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 aliwonse mu November 2023, ngongole ya wogula wotere inakwera tsiku lomwelo, ngakhale pa makina ake sipanawonjezeke kanthu.

Nkhokwe ndi mlonda wake

Chotsiriza, ndipo chachikulu koposa, nchakuti palibe nkhokwe yolimba kuposa mlonda wake. Pa nkhani ya kubedwa kwa ndalama za Boma imene inaululika mu 2013, ofufuza anapeza kuti malipiro ena ankalembedwa m'makina a ndalama za Boma, macheke nkutuluka, kenaka zolembedwazo nkufafanizidwa. Dzina la pulogalamu silikanaletsa zimenezo. Choletsa ndi mwambo wa mu ofesi: wolemba malipiro asakhale yemweyo wovomereza, mawu achinsinsi olowera asabwerekedwe, buku losonyeza amene wasintha kanthu lisungidwe kumene iye sangalifike, ndipo zolembedwa zonse zizikoperedwa tsiku ndi tsiku nkusungidwa m'nyumba ina.

Motero mkulu wa ofesi amene wapatsidwa udindo wogula asathamangire kufunsa kuti yachangu ndi iti, pakuti pa nchito ya kampani yapakati zonsezi zimakwanira. Awerengere mtengo wa zaka zisanu, osati wa tsiku logula lokha. Afufuze ngati m'dziko muno alimo anthu odziwa kuisamala. Ndipo alembetse m'pangano njira yotulutsira zolembedwa zake tsiku limene adzafune kusamuka. Banki yaikulu ingakhale ndi chifukwa cholipira Oracle kapena DB2, ofesi ya Windows ingapeze mtendere ndi SQL Server, koma sukulu, bungwe la alimi ndi sitolo yapakati zingayambe ndi PostgreSQL kapena MariaDB, ndalama zotsalazo nkuphunzitsira akalaliki ake.