Manyukiliyasi anayi m'kadontho ka chimbudzi

Wa mulabotale akaika kadontho ka chimbudzi pagalasi n'kuthira ayodini, amasuzumira m'maikulosikopu n'kuyamba kuwerenga. Akaona kachibulungwa kokhala ndi manyukiliyasi anayi, amakayikira Entamoeba histolytica, kachilombo koyambitsa kamwazi. Akakwana asanu ndi atatu, mtima umakhala m'malo: ameneyo ndi Entamoeba coli, mlendo wosavuta m'matumbo.

Nyukiliyasi ya histolytica imaoneka ngati gudumu la njinga: kadontho kakang'ono pakatikati penipeni, m'mphepete mwazungulira timibulu tofanana. Mmenemo ndi mmene mumasungidwa DNA, malangizo a zonse zimene kachilomboka kamachita. Chimene chimandidabwitsa ine n'chakuti malangizo opangira maraibosomu, timakina topanga mapuloteni, sali pamakromozomu monga zilili mwa anthufe. Ali patimphete ta DNA tambirimbiri tokhala patokha.

Koma maso amanama. Mu 1875 Fedor Lösch analemba zoti anakaona kachilomboka mwa wodwala kamwazi ku St Petersburg, ndipo mu 1925 Emile Brumpt ananena kuti kali ndi mnzake wofanana naye kwambiri koma wosadwalitsa, Entamoeba dispar. Ambiri sanamukhulupirire. Zinatheka mu 1993, DNA itatsimikiza kuti ndi mitundu iwiridi. Mpaka lero maikulosikopu payokha siingalekanitse zibulungwa zawo.

Mankhwala a Flagyl amagwiranso pomwepo: amaphwanya DNA ya kachilomboka. Tizilombo totsalira m'kati mwa matumbo timafunika mankhwala achiwiri, apo ayi munthu amapitiriza kutulutsa zibulungwazo m'chimbudzi ngakhale akumva bwino.