Cikalata ca Malo Cili ndi Tsiku Lothera

M'MABOKOSI ndi m'masutukesi a mabanja ambiri a m'Cigawo ca Kum'mawa muli zikalata za malo zokulungidwa bwino m'pulasitiki kuopa ciswe ndi mvula. Eni ake amazisunga monga cuma, ndipo ndi cumadi. Koma ndi owerengeka cabe amene amatsegula zikalatazo ndi kuyang'ana mzere umene uchula ciwerengero ca zaka ndi tsiku loyambira kuziwerenga. Mzere umenewo ndiwo unena ngati banja likhala pamalo pake mwa lamulo, kapena likhala pa pangano limene linatha kale.

Munthu aliyense wokhala ndi taito m'dziko la Zambia ndi wobwereka. Lamulo la za malo la mu 1995, lochedwa Lands Act, linena kuti nthaka yonse ya dziko lino ili m'manja mwa Mtsogoleri wa Dziko, amene aisunga m'malo mwa anthu onse a m'Zambia. Cimene Boma lipatsa mlimi kapena womanga nyumba ndi pangano lobwereka malowo kwa zaka zowerengeka, limene m'maofesi alicha lisi, ndipo zakazo siziloledwa kupitirira 99.

Zinthu sizinali motere kale. M'masiku a atsamunda, ndiponso m'zaka zoyamba za ufulu, kunali anthu amene anali ndi malo aoao a muyaya, makamaka m'matauni ndi m'mafamu a m'mbali mwa njanji. Pa 30 Juni 1975, Dr Kenneth Kaunda analengeza kuti umwini wotere watha. Kuyambira pa 1 Julayi caka comweco, malo onsewo anasanduka obwereka kwa zaka 100, ndipo mapangano ao adzatha mu 2075. Lamulo la mu 1995 linasintha zambiri za mu 1975, makamaka polola kuti malo azigulitsidwa pa mtengo, koma mfundo yakuti wa taito ndi wobwereka silinaikhudze.

Nkhani imeneyi siikhudza minda ya makolo imene anthu alima pansi pa nyakwawa ndi mfumu. Lamulo livomereza malo a mwambo, ndipo alibe tsiku lothera. Ikhudza iwo amene anatenga mapepala a Boma, ndi iwo amene acita lendi pamalo a anthu otere.

Lisi ya zaka 14

Msampha waukulu kwa alimi a kumidzi uli pa lisi ya zaka 14. Kuti munthu apatsidwe zaka 99, malo ake ayenera kupimidwa ndi wopima malo wovomerezeka, aikidwe zikhomo za malire, ndipo cithunzi ca malirewo civomerezedwe ndi mkulu wa opima malo, Surveyor General. Nchito imeneyi imafuna ndalama, ndipo opima malo ambiri amakhala kutali ndi kumidzi. Cifukwa ca ici, kwa zaka zambiri Boma linkapatsa anthu lisi yaifupi ya zaka 14 podalira cojambula wamba cosonyeza pamene malo ali, kuti mwini ayambe kulima ndi kumanga pamene afunafuna ndalama zopimitsira.

Cinali cifundo, koma ambiri anaciona monga mathero a ulendo. Cikalata ca zaka 14 cioneka mofanana ndi cinzake: cili ndi cidindo, cili ndi nambala ya famu, cili ndi dzina la mwini. Munthu amene anavutika kupita kwa mfumu, kukhonsolo ndi ku Unduna wa za Malo, atalandira pepala lotere anapuma nati zatha. Zaka 14 zimveka zambiri pa tsiku losaina, komabe ndi nthawi imene mwana wobadwa tsikulo akhala asanamalize ngakhale sukulu ya sekondale. Mlimi wa ku Katete kapena ku Petauke amene lisi yake inayamba mu 1998 anafika pamapeto pake mu 2012. Amene inayamba mu 2010 inatha mu 2024. Cimanga cimamera monga kale, mitengo ya mango imabala monga kale, ndipo palibe cizindikiro cioneka m'munda cosonyeza kuti pangano latha.

Vuto limaonekera tsiku limene banja lifuna kugwiritsa nchito cikalataco. Banki siilandira lisi yakutha monga cikole ca ngongole ya feteleza kapena ya cigayo. Wofuna kugula famu, akakafufuza m'mabuku a Boma, apeza kuti wogulitsayo alibe zaka zoti agulitse. Mkangano wa malire ukabuka ndi mnansi amene anapimitsa malo ake, wa cojambula wamba ndiye amavutika kusonyeza pamene munda wake ulekezera. Ndipo pali cinthu cina cimene anthu ambiri a kumidzi saciganizira: malo amene anacotsedwa m'mwambo ndi cilolezo ca mfumu ndi khonsolo asanduka malo a Boma, ndipo lamulo la mu 1995 silinaike njira yowabwezera kwa mfumu. Banja limene lisi yake yatha silingathamangire kwa nyakwawa kuti akonze zinthu. Nkhani yake ili kwa mkulu woyang'anira malo, Commissioner of Lands.

Lamulo silinamusiye wobwerekayo pa mtetete. Linena kuti lisi ikatha, Mtsogoleri wa Dziko adzaionjezera kwa nthawi ina yosapitirira zaka 99, malinga wakhutira kuti mwini anasunga zimene anapangana. Ngati Boma lasankha kusaonjezera, munthuyo ayenera kulipidwa pa zimene anamanga ndi kukonza pamalopo. Mau ofunika pano ndi akuti "anasunga zimene anapangana". Mlimi amene anamanga, analima, nalipira lendi ya nthaka caka ndi caka ali ndi pogwira polimba. Amene anasiya malo ali chire lokhalokha adzakhala ndi zambiri zofotokoza.

Njira yake ndi yodziwika. Mwini apeza wopima malo wovomerezeka, malo apimidwa, cithunzi civomerezedwa, ndipo alemba pempho kwa Commissioner of Lands pamodzi ndi cikalata cakale, citupa cake ca registireshoni ndi malisiti a lendi ya nthaka. Cikalata ca zaka 14 cibwezedwa, ndipo ca zaka 99 cilembedwa m'buku m'malo mwake. Likulu la Unduna lili ku Mulungushi House mu Lusaka, koma anthu a Kum'mawa angayambire ku ofesi ya Unduna ku Chipata. Kuyambira mu 2023 nchito zambiri za Undunawu zinaikidwa pa kompyuta, m'dongosolo lochedwa ZILAS, motero mwana wophunzira amene ali ndi foni ya intaneti angathandize makolo pa zina. Palibe cifukwa codikira caka cothera: kupimitsa kungacitike ngakhale lisi ili ndi zaka zambiri zotsala, ndipo ndi nthawi imene munthu apimitsa mosathamanga.

Lendi ya nthaka ndi imene anthu amaiwala msanga, popeza palibe kapitao amene amayenda m'midzi kuitolera. Wocedwa kulipira amaonjezeredwa faindi ya 25 pa 100 iliyonse ya ndalama zimene sanapereke. Amene waswa pangano angalandire kalata yomudziwitsa kuti Boma lifuna kutenganso malowo, ndipo ali ndi miyezi 3 yofotokoza mbali yake. Malo akatengedwa, ali ndi masiku 30 okadandaula ku bwalo loweruza milandu ya malo, Lands Tribunal. Kalata yotere imapita ku keyala imene ili m'mabuku a Unduna. Banja limene linasamuka, kapena limene linaleka kulipira bokosi la ku positi osadziwitsa Unduna, lingamve za kalatayo miyezi itatu itapita kale.

Pangano la munthu ndi mnzake

Mbali ina ya nkhaniyi ikhudza anthu amene abwerekana okhaokha: mphunzitsi wopuma amene acititsa lendi nyumba yake ku Lundazi, wamalonda amene atenga sitolo ya mnzake, kampani ya fodya kapena ya thonje imene ibwereka nkhokwe, mlimi amene alima mbali ya famu ya wina kwa zaka zingapo. Pamalo a taito, lamulo lochedwa Lands and Deeds Registry Act linena kuti pangano la lendi lopitirira caka cimodzi liyenera kulembetsedwa m'buku la Boma la malo. Losainidwa pamalo pamene pali ofesi yolembetsera lipatsidwa masiku 30; losainidwa kwina kulikonse m'Zambia, masiku 90; losainidwa kunja kwa dziko, caka cimodzi. Pangano limene silinalembetsedwe m'nthawi yake likhala lopanda mphamvu, pokhapokha bwalo la milandu litaona cifukwa comveka ndi kuonjezera masiku.

Bwalo Lalikulu la dziko lino linatsimikiza mfundo imeneyi mu 1975, pa mlandu wa lendi umene unakhudza Christian Council of Zambia, pogamula kuti pangano losalembetsedwa silingagwire nchito. Tanthauzo lake kwa munthu wamba ndi lowawa. Anthu awiri angagwirizane zaka zisanu, mtengo wosasintha, ndi kuti wobwereka akonze denga ndi kukumba citsime. Angasaine pamaso pa mboni zolemekezeka. Pepalalo likakhala m'bokosi osalembetsedwa, tsiku la mkangano wobwerekayo sangaumirire pa zaka zisanuzo. Cimene cimatsala ndi ubale wa lendi wotsatira m'mene ndalama zimalipiridwira, mwezi ndi mwezi kapena caka ndi caka, umene ungathetsedwe ndi cidziwitso cacifupi. Citsime cikhala pamalo a mwini.

Ambiri amene analembetsa pangano loyamba amapunthwa pa laciwiri. Zaka zitatu zikatha bwino, mwini malo ndi wobwereka akhala abwenzi, ana ao aseweretsana, ndipo kuchula za mapepala kuoneka ngati kukayikirana. Wina angoti, "Pitirizani, acimwene, tidziwana kale." Koma kulembetsa koyamba kunateteza zaka zitatu zoyamba cabe. Kuonjezera kwa nthawi yopitirira caka ndi pangano latsopano, lofuna kulembedwa, kusainidwa ndi kulembetsedwa mwatsopano m'masiku omwe aja. Ubwenzi umakhala pakati pa anthu awiri amene anagwirana canza, ndipo sufika kwa wogula amene adzabwera mawa kapena kwa ana amene adzagawana cuma. M'buku la Boma, zikalata zimatsogozana potsata tsiku limene zinalembetsedwa, osati tsiku limene zinasainidwa. Wobwereka amene dzina lake lioneka m'bukumo adziwika kwa aliyense wofuna kugula malowo kapena kuwalandira monga cikole.

Eni nyumba ambiri amapewa zonsezi mwa kulemba pangano la caka cimodzi cokha ndi kulilembanso caka ciliconse. Lamulo liwalola. Kwa munthu wongofuna cipinda cogona, njira imeneyi ndi yokwanira, monganso kwa wobwereka dimba kwa cilimwe cimodzi. Koma amene afuna kuika cigayo, kubzala mitengo ya zipatso kapena kumanga khola la njerwa pamalo a wina acita zoopsa akadalira pangano la caka cimodzi, cifukwa ndalama zake sizingabwerere caka cisanathe.

Apa mbali ziwiri za nkhaniyi zikumana. Munthu sangabwereketse zaka zimene iye mwini alibe. Mwini famu amene lisi yake ya zaka 14 yatsala ndi zaka ziwiri sangapatse mnzake zaka khumi, ngakhale atafuna ndi mtima wonse. Buku la malo ndi lotseguka kwa aliyense wolipira kandalama kofufuzira, ndipo wopereka nambala ya famu kapena ya puloti auzidwa dzina la mwini, kutalika kwa lisi yake, ndi ngati malowo anaikidwa cikole ku banki. Kufufuza kumeneku kuyenera kucitika ndalama zisanacoke m'thumba, ndiponso kubwerezedwa pa nthawi yoonjezera pangano, popeza m'zaka zitatu mwini angakhale atakongola kapena atagulitsa.

Mabanja amene ali ndi abale m'makomboni a m'matauni akumbukire kuti kumeneko kuli pepala la mtundu wina. Lamulo la mu 1974 linalola makhonsolo kupatsa okhala m'makomboni ovomerezedwa, monga Chawama ndi George mu Lusaka, cilolezo cokhalapo ca zaka 30. Lamulolo linalowedwa m'malo ndi lina mu 2015. Cilolezo coperekedwa mu 1980 cinatha mu 2010, ndipo cionjezeredwa kukhonsolo, osati ku Unduna wa za Malo.

Cobvuta koposa cimagwa pamene lisi yatha ndipo amene dzina lake lili pa cikalata anamwalira. Mkazi wamasiye kapena mwana wamkulu sangangosaina m'malo mwa malemu, ngakhale banja lonse litavomereza. Bwalo la milandu liyenera kuyamba laika woyang'anira cuma ca masiye, ndipo iyeyo ndiye apita ndi kalata ya bwalo ku Unduna kukakonza za lisi, kulipira lendi ya nthaka yotsalira, ndi kusamutsira malo kwa oyenera kulandira. Lamulo la mu 1989 la cuma ca womwalira wosasiya wilo limletsa woyang'anirayo kugulitsa malowo popanda cilolezo ca bwalo. Pamene pali ana a nyumba ziwiri kapena zitatu, kusankha munthu mmodziyo kokha kungadye miyezi yambiri, ndipo m'nthawi yonseyo faindi ya lendi ya nthaka ipitiriza kuwerengedwa pa dzina la malemu.