Mapiri a Wicklow ndi afupi, koma musawaderere

Ambiri a ife kuno ku Balbriggan moyo wathu ndi kuntchito, kunyumba, kutchalitchi, basi. Thupi limatopa, mutu nawo umadzaza ndi nkhawa za kumudzi. Malo amodzi okapitidwako mphepo ndi Wicklow Mountains National Park, mapiri otetezedwa ndi boma kuyambira 1991, kumwera kwa Dublin. Kuyenda m'mapirimu ndi kwaulere. Amalipiritsa ndi poimika galimoto.

Kafikidwe kake nkosavuta. Kwerani sitima pa Balbriggan mpaka ku Connolly, kenako mukakwere basi ya St Kevin's ku St Stephen's Green yopita ku Glendalough. Basiyi siyenda pafupipafupi, choncho funsiranitu nthawi yobwerera. Ku Glendalough kuli nyanja ziwiri zing'onozing'ono ndi mabwinja a mudzi wa amonke womwe anayambitsa St Kevin m'zaka za m'ma 500. Amene muli ndi ana yendani njira ya m'mbali mwa nyanja. Amphamvu angayese njira ya Spinc, ya makilomita pafupifupi 9, yotenga maola atatu kapena anayi.

Tsono nali chenjezo. Phiri lalitali ku Wicklow, Lugnaquilla, ndi la mamita 925 okha, pomwe Sapitwa ku Mulanje ndi mamita 3,002. Mpake munthu kunena kuti "aka ndi kachulu". Koma choopsa kuno si kutalika, ndi nyengo. Nkhungu imatsika mwadzidzidzi, njira nkusowa. Zovala zikanyowa ndipo mphepo ikuwomba, thupi limataya kutentha msanga. Munthu amanjenjemera, kusokonezeka mutu, ngakhale kufa kumene. Mu Disembala mdima umayamba cha m'ma 4 koloko masana.

Choncho musananyamuke, onani zanyengo kwa Met Éireann. Valani jombo zosaterera ndi jekete losalowa madzi. Jinzi ayi, chifukwa ikanyowa siuma. Tengani madzi, kamba, tochi ndi foni yodzaza moto. Musapite nokha, ndipo uzani wina njira yanu. Mukabwerako, fufuzani nkhupakupa m'thupi, pakuti zina zimafalitsa matenda a Lyme.

Mukasochera kapena wina akavulala, imbani 999 kapena 112 ndipo mupemphe Mountain Rescue. Awa ndi anthu ongodzipereka, salipiritsa. Musazengereze poopa ndalama.

Nanga masewera a ski, otsetsereka pa chipale chofewa? Ku Wicklow chipale chimagwa masiku ochepa, ndipo chikagwa misewu ya Sally Gap ndi Wicklow Gap imakhala yoopsa, galimoto zimatitimira. Ofuna kuphunzira apite ku Kilternan, kumwera kwa Dublin, komwe Ski Club of Ireland ili ndi chitunda chochita kuyala chotsetserekapo popanda chipale. Kumeneko amalipiritsa, koma aphunzitsi ndi zipangizo mukazipeza komweko. Funsani mtengo musanapite, paja safunsa anadya phula.